Montfort, Lechaptois, Mbappé: kagawidwe ndi katchulidwe ka mawu a Chifalansa

Dzina la Montfort si lachilendo ku Mangochi. Episkopi wa dayosizi ya Katolika ya kumeneko, yemwe adasankhidwa mu Disembala 2013, ndi Montfort Stima. Ku Balaka kuli Montfort Media, ndipo ansembe a chipani cha Montfort akhala ali m'dziko muno kuyambira 1901, pomwe adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu. Pakamwa pa Amalawi ambiri dzinali limatuluka ndi maphatikizo anayi: Mo-nti-fo-ti. Koma kwawo kwa dzinali, m'tauni ya Montfort-sur-Meu ku France komwe kudabadwira Louis-Marie Grignion mu 1673, maphatikizo ake ndi awiri okha, Mont-fort. Mwa malembo ake asanu ndi atatu, ma t onse awiri samveka, ndipo n ntchito yake ndi yongotumiza o m'mphuno.

Kusiyana kumeneku kwa zolembedwa ndi zomveka ndiko kumagwetsa mphwayi ophunzira Chifalansa ku sekondale, aulutsi a mpira pawailesi, komanso ogwira ntchito m'malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Chonsecho, munthu woyankhula Chichewa kapena Chiyao ali pafupi ndi katchulidwe ka Chifalansa kuposa Mngerezi. Chomwe chimamusokoneza kawirikawiri n'chakuti amafika ku Chifalansa atadzera m'Chingerezi, n'kumawerenga malembo ake ndi maso a Chingerezi.

Phatikizo n'chiyani m'Chifalansa

Ku pulayimale ana amaphunzira malembo a liwu, a, e, i, o, u, omwe akatswiri amawatcha mavawelo, ndi malembo opanda liwu, omwe ndi makonsonanti. Phatikizo la Chichewa limathera ndi vawelo: nso-mba, cha-mbo, u-si-pa. Lopatuka ndi la m yekha wa m'mawu monga m-te-ngo ndi m-so-dzi. Chifalansa chimalola phatikizo lothera ndi konsonanti, koma sichilikonda. Katswiri wa katchulidwe Pierre Delattre, m'buku lake la mu 1965 loyerekeza Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi, adapeza kuti pa maphatikizo anayi alionse a Chifalansa choyankhulidwa, pafupifupi atatu amathera ndi vawelo, pomwe m'Chingerezi otere safika ndi theka lomwe.

Lamulo loyamba n'lakuti phatikizo lililonse limakhala ndi vawelo imodzi yomveka. Mawu ofunika apa ndi akuti yomveka, chifukwa Chifalansa chili ndi malembo a liwu asanu ndi limodzi, kuphatikizapo y, pomwe mavawelo ake omveka ndi pakati pa 13 ndi 16 malinga ndi dera lomwe woyankhulayo akuchokera. Malembo akachepa chotere amagwirizana awiri kapena atatu kuti aimire liwu limodzi. Madzi m'Chifalansa ndi eau: malembo atatu, liwu limodzi la "o". Choncho bateau, lomwe ndi bwato kapena sitima ya pamadzi, ligawidwa ba-teau n'kutchulidwa "ba-to". Malembo au nawonso ndi "o", ou ndi "u", ai ndi ei ndi "e", pomwe oi ndi "wa". Dzina la Louis Auneau, episkopi wachifalansa yemwe adatsogolera mpingo wa Katolika kummwera kwa Nyasaland kuyambira 1910, lili ndi malembo asanu ndi limodzi koma limangomveka "o-no". Mbalame ndi oiseau, oi-seau, "wa-zo", mawu omwe aphunzitsi amakonda kuyesera ophunzira atsopano chifukwa palibe lembo ndi limodzi lomwe lomveka monga momwe likuonekera.

Sikuti mavawelo onse oyandikana amalumikizana. Mlambe, mtengo womwe wadzaza m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ndi ba-o-bab, maphatikizo atatu. Ndipo pakakhala timadontho tiwiri pamwamba pa vawelo yachiwiri, ndiye kuti mavawelowo atchulidwe padera: No-ël, Ci-tro-ën. Timadontho timeneti ndi tomwe timasiyanitsa mais, "me", kutanthauza "koma", ndi maïs, "ma-is", chomwe ndi chimanga.

Mayina omwe adafika kwa Mponda

Malamulo a makonsonanti angaonekere bwino m'mayina a Afalansa oyamba kukhala kummwera kwa nyanja ya Malawi. Kumapeto kwa Disembala 1889, ansembe atatu ndi bulazala mmodzi a chipani cha White Fathers adafika pamudzi wa Mfumu Mponda, m'mbali mwa mtsinje wa Shire pafupi ndi pomwe lero pali boma la Mangochi. Adatumidwa ndi Kadinala Charles Lavigerie, yemwe adayambitsa chipanichi ku Algiers mu 1868. Ansembewo adali Adolphe Lechaptois, Heurtebise ndi Mercui. Sadakhalitse: mu Juni 1891 adanyamuka kulowera kumpoto, cha ku Mambwe, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika. Adasiya buku la zochitika tsiku ndi tsiku lomwe olemba mbiri ya Ayao a m'nthawiyo amaligwiritsabe ntchito.

Konsonanti imodzi ikakhala pakati pa mavawelo awiri, imapita ku phatikizo lotsatira. N'chifukwa chake dzina la kadinala uja ligawidwa La-vi-ge-rie, ndipo ukonde ndi fi-let, bwenzi ndi a-mi, likulu la dzikolo ndi Pa-ris. Mchewa safunika kuphunzitsidwa lamuloli. Ndi momwe amagawira kale ma-te-mba. Wovutika ndi Mngerezi, yemwe lilime lake limakokera konsonantiyo kumbuyo.

Makonsonanti awiri osiyana amagawanika, ina kumbuyo ina kutsogolo: Mer-cui, Heur-te-bise, pal-mier womwe ndi mtengo wa mtundu wa kanjedza, mous-tique yemwe ndi udzudzu. Apa ndi pomwe chizolowezi cha Chichewa chimalowerera. Pobwereka mawu, Chichewa chimaika vawelo pakati pa makonsonanti otere, monga zidachitikira ndi sukulu, buledi ndi sitolo. Kumeneko si kulakwa. Ndi momwe chinenero chimasandutsira mawu achilendo kukhala ake. Koma poyankhula Chifalansa vawelo yoonjezerayo imachulukitsa maphatikizo, ndipo womvera yemwe amayembekeza "mus-tik" satola kanthu akamva "mu-si-ti-ki".

Pali magulu awiri omwe sagawanika. Loyamba ndi la konsonanti yotsatiridwa ndi l kapena r, monga bl, cl, fl, gl, pl, br, cr, dr, fr, gr, pr, tr, vr: ci-tron ndi ndimu, cro-co-dile ndi ng'ona, ta-bleau ndi bolodi la m'kalasi. Koma r ndi l zikatsatana zokha zimagawanika, monga par-ler, kuyankhula. Gulu lachiwiri ndi la malembo awiri oimira liwu limodzi: ch, ph, th ndi gn. Dzina la mtsogoleri wa ansembe a kwa Mponda ligawidwa Le-chap-tois, ch ali pamodzi, p ndi t atasiyana, ndipo phatikizo lomaliza limveka "twa".

Malembo anayi awiriawiriwa ndi msampha weniweni kwa wowerenga Chichewa, chifukwa atatu mwa iwo amawadziwa kale ndi maliwu ena. M'Chifalansa ch ndi "sh" wa m'mawu akuti shati, ph ndi "f", th ndi "t" wamba, pomwe gn ndi "ny" wa nyanja. Woyambitsa chipani cha abulazala a Marist mu 1817, omwe amayendetsa sukulu monga Zomba Catholic ndi Likuni Boys, adali Marcellin Champagnat: Cham-pa-gnat, phatikizo lomaliza "nya".

Makonsonanti atatu akakumana, awiri oyamba amatsalira kumbuyo, monga obs-ti-né, pokhapokha awiri omalizawo akhale a gulu la l kapena r: mer-cre-di, Lachitatu.

Konsonanti yolembedwa kawiri imagawidwa pakati polemba, koma pakamwa imamveka imodzi, ndipo imapita kutsogolo. Mvuu ilembedwa hip-po-po-tame, imveka "i-po-po-tam". Komabe kulemba kawiriko nthawi zina kumakhala ndi ntchito yaikulu. Lembo la s likakhala lokha pakati pa mavawelo limveka "z"; likabwerezedwa limveka "s". Nsomba ndi poisson, poizoni ndi poison. Woperekera zakudya pa Cape Maclear yemwe akufuna kuuza mlendo kuti lero kuli chambo ayenera kusamala ndi s ameneyu.

Mavawelo a m'mphuno

Mfalansa wosadziwa Malawi akaona dzina la Mangochi pamapu amaligawa Man-go-chi, osati Ma-ngo-chi, ndipo amalitchula ngati "mã-go-shi". Kachizindikiro kali pamwamba pa a apa kakuimira vawelo yotulukira m'kamwa ndi m'mphuno nthawi imodzi. Pamenepa zinenero ziwirizi zimasemphana kotheratu. M'Chichewa n ndi m zimakakamira konsonanti yotsatira n'kuyamba nayo phatikizo: mb, nd, ng, nj, mph, nth. M'Chifalansa n kapena m yotsatiridwa ndi konsonanti ina, kapena yokhala kumapeto kwa mawu, ndi ya phatikizo la kumbuyo, ndipo siimveka payokha. Lilime silikhudza nkhama, milomo siitsekeka.

Mavawelo otere alipo anayi. Woyamba ulembedwa an, am, en kapena em, monga enfant, mwana, "ã-fã". Wachiwiri ndi on kapena om, monga pont, mlatho, "põ", ndipo umapezekanso m'dzina la Joseph Dupont, episkopi yemwe Abemba adamutcha Moto Moto. Wachitatu ulembedwa in, im, ain kapena ein, monga pain, buledi, "pẽ". Wachinayi ndi un kapena um, koma anthu ambiri ku Paris ndi kumpoto kwa France adausakaniza ndi wachitatu, kotero wophunzira sayenera kutaya nawo tulo.

Vawelo ikatsatira n kapena m ija, kapena n-yo ikabwerezedwa, za m'mphuno zimatha ndipo konsonantiyo imamvekanso, itasamukira kutsogolo. Mapeto ndi fin, "fẽ", koma kumaliza ndi fi-nir. Chaka ndi an, "ã", komanso année, "a-ne". Chinthu chabwino ndi bon, "bõ", chikakhala chachimuna m'galamala yawo, koma bonne, "bon", chikakhala chachikazi. Apa zikuoneka kuti kugawa maphatikizo si masewera a m'kalasi chabe: malo omwe n wagwera ndi omwe amauza wowerenga momwe vawelo ya kumbuyo kwake imvekere.

Malembo osamveka ndi chiyambi chake

Makonsonanti d, p, s, t, x ndi z akakhala kumapeto kwa mawu kawirikawiri samveka. Paris ndi "pa-ri", filet ndi "fi-le", Peugeot imathera ndi "o", ndipo Renault ndi "re-no". Pomwe c, r, f ndi l kawirikawiri zimamveka: lac ndi nyanja, mer ndi nyanja yamchere, chef ndi mfumu kapena mkulu wa ophika, sel ndi mchere. Opatuka alipo ndithu mbali zonse ziwiri. Mawu a tabac, fodya, c wake samveka. Aneni othera ndi -er monga parler amathera ndi "e". Pomwe sud, kummwera, ndi huit, zisanu ndi zitatu, amatchulidwa mpaka lembo lomaliza akaima okha. Amenewa amangofunika kuloweza.

Malembo ambiri osamvekawa adamvekapo kale. Chifalansa chidachokera ku Chilatini, ndipo chidayamba kulembedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. M'kupita kwa nthawi makonsonanti a kumapeto adayamba kugwa pakamwa, koma papepala adatsala. Alembi ena adaonjezeranso malembo omwe sankatchulidwa n'komwe, pofuna kuonetsa kholo la mawu: g wa mu doigt, chala, adaikidwa pokumbukira digitus wa Chilatini, chonsecho mawuwo amangomveka "dwa". Bungwe la Académie française, lokhazikitsidwa mu 1635 pansi pa Kadinala Richelieu, lidatulutsa dikishonale yake yoyamba mu 1694 n'kusunga kalembedwe kakaleko. Mu 1740 lidasintha kalembedwe ka mawu zikwi zingapo, ndipo s yemwe adali atasiya kumveka pakati pa mawu adachotsedwa, m'malo mwake n'kuikapo kachipewa pamwamba pa vawelo. Motero isle idakhala île, chilumba. Hospital idakhala hôpital. Coste idakhala côte, gombe, monga m'dzina la Côte d'Ivoire. Chingerezi chidabwereka ena mwa mawuwa s asanagwe, ndipo chikumusungabe.

Chichewa chidayamba kulembedwa posachedwa poyerekeza ndi izi, ndipo malamulo a kalembedwe kake adakonzedwa ndi Chichewa Board mu 1973 n'kuunikidwanso mu 1980 ndi 1990. Lembo ndi liwu sizidakhale ndi nthawi yotalikirana.

Kachipewa kaja kadasiyanso mawu awiri omwe ansembe a kwa Mponda ayenera kuti ankawagwiritsa ntchito onse: pêcheur ndi msodzi, pécheur ndi wochimwa. Poyankhula mosamala, ê amatsegula kamwa pang'ono kuposa é, koma Afalansa ambiri amawatchula mofanana, ndipo nkhani yomwe ikukambidwa ndi yomwe imalekanitsa.

Malembo osamveka ali ndi phindu lake kwa wowerenga. Lembo la s kapena x la kumapeto limaonetsa kuchuluka: le bateau, les bateaux. Pakamwa dzinalo silisintha, ndipo kuchulukako kumamvekera kutsogolo, pa "le" ndi "les", ngati momwe bwato ndi mabwato zimasiyanira kumayambiriro. Chimodzimodzi -ent wa kumapeto kwa mneni: il parle, akuyankhula mmodzi, ndi ils parlent, akuyankhula ambiri, zimamveka chimodzimodzi.

Lembo la e lomwe limabwera n'kuchoka

Palibe lembo losokoneza chiwerengero cha maphatikizo kuposa e wopanda chizindikiro pamwamba. Afalansa amamutcha e muet, kutanthauza e wosayankhula. Chifukwa cha iye, mawu amodzi amatha kukhala ndi maphatikizo atatu papepala ndi awiri pakamwa.

Kumapeto kwa mawu e ameneyu samveka, koma amadzutsa konsonanti ya kumbuyo kwake. Petit, wamng'ono, t wake ndi wogona. Petite, t amamveka. Grand ndi "grã", grande ndi "grãd". Mchenga ulembedwa sa-ble, maphatikizo awiri, koma utchulidwa kamodzi, "sabl". N'chimodzimodzi plage, gombe la mchenga, ndi pirogue, bwato logoba, lomwe limveka "pi-rog".

Pakati pa mawu amagwa ngati kumbuyo kwake kuli konsonanti imodzi yokha yomveka. Loweruka lilembedwa sa-me-di koma limveka "sam-di". Dotolo ndi mé-de-cin, "med-sẽ", monga m'dzina la bungwe la Médecins Sans Frontières lomwe lidagwira ntchito yolimbana ndi Edzi zaka zambiri ku Chiradzulu ndi ku Thyolo. Lavigerie uja, wa maphatikizo anayi papepala, amatsala ndi atatu. Koma kugwa kwake kukati kuunjike makonsonanti atatu pamodzi, e amakhalabe: Lachisanu ndi ven-dre-di, Lachitatu ndi mer-cre-di, onse atatuatatu. Katswiri Maurice Grammont ndi yemwe adalifotokoza lamuloli mu 1894, ndipo limadziwika kuti lamulo la makonsonanti atatu.

Mawu amodzi a pagombe amasonkhanitsa pafupifupi zonsezi. Mbedza ndi hameçon, yolembedwa ha-me-çon. Lembo la h silimveka, e amagwa, kamchira kapansi pa c kakuonetsa kuti amveke "s" osati "k", ndipo on ndi vawelo ya m'mphuno. Chotsala ndi "am-sõ".

Kummwera kwa France, cha ku Marseille ndi Toulouse, anthu amamutchula e ameneyu m'malo ambiri omwe a ku Paris amamumeza. M'ndakatulo zakale ndi m'nyimbo amawerengedwanso ngati phatikizo akakhala kutsogolo kwa konsonanti, chifukwa mzere wotchuka wa ndakatulo zawo, alexandrin, umayenera kukwana maphatikizo 12. Wophunzira yemwe amamva mawu amodzi akutchulidwa mosiyana m'nyimbo ndi pa nkhani za wailesi ya RFI asaganize kuti wina walakwitsa.

Malire a mawu akasungunuka

Munthu atha kudziwa mawu ambiri a Chifalansa papepala koma osawazindikira Mfalansa akamayankhula. Chifukwa chake chachikulu n'chakuti lamulo loyamba lija, loti konsonanti imathamangira vawelo ya kutsogolo, silimaima pa malire a mawu. Chiganizo chakuti le lac est calme, nyanja ili bata, chimagawidwa "le-la-ke-kalm": c wa lac wasamuka n'kukayamba phatikizo ndi est. Kumeneku amati enchaînement, kulumikiza ngati unyolo.

Chodabwitsa kwambiri ndi liaison, pomwe konsonanti yomwe inali yogona imadzuka chifukwa mawu otsatira ayamba ndi vawelo. Les bateaux ndi "le-ba-to", koma les îles ndi "le-zil", les oiseaux ndi "le-zwa-zo". Podzukapo ena amasintha: s ndi x zimveka "z", d amveka "t", kotero grand arbre, mtengo waukulu, ndi "grã-tarbr". Dziko la America m'Chifalansa ndi États-Unis, "e-ta-zu-ni". Kulumikiza kotere n'kokakamiza pakati pa les, des, un, mon ndi dzina lotsatira, komanso pakati pa nous, vous, ils ndi mneni. N'koletsedwa pambuyo pa et, kutanthauza "ndi", komanso pambuyo pa dzina la chinthu chimodzi. M'malo ena otsala zili kwa woyankhula, ndipo wolumikiza kwambiri amamveka ngati akuwerenga uthenga wa boma.

Vawelo ya timawu tating'ono monga le, la, de, je imagwa ikakumana ndi inzake, n'kusiya kachizindikiro kodulira: l'eau, l'île, d'Ivoire. Chichewa chimachita zofanana pomwe "mwana uyu" amakhala "mwanayu", "nyumba iyi" n'kukhala "nyumbayi".

Lembo la h silimveka paliponse, komabe lili mitundu iwiri. Wina amalola kulumikiza, monga l'hameçon ndi l'hôpital. Wina, wopezeka makamaka m'mawu omwe sadachokere ku Chilatini, amatchinga: kadzidzi ndi le hibou, ambiri ndi les hiboux, "le-i-bu", popanda "z". Maso sangasiyanitse ma h awiriwa. Madikishonale amaika kanyenyezi kapena chizindikiro china pa wotchingayo. Yemwe angalumikize les héros, ngwazi, amatulutsa les zéros, kutanthauza maziro.

Kayendedwe ka mawu ndi maliwu ovuta

Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: chaambo, Mangoochi. Chingerezi chimamenya phatikizo limodzi mwamphamvu n'kumeza ena. Chifalansa chimapatsa maphatikizo onse mphamvu yofanana, kenaka n'kukoka pang'ono lomaliza la kagulu ka mawu. Mu un bateau lokokedwa ndi "to". Mu un bateau blanc, bwato loyera, kukokako kumasamukira pa blanc. Mchewa ali kale ndi kayendedwe kofanana ka maphatikizo, ndipo ntchito yake ndi yongosuntha kukokako ndi phatikizo limodzi kupita kutsogolo. Kukweza ndi kutsitsa mawu komwe kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika kulibe m'Chifalansa.

Palinso mwayi wina womwe mabuku olembedwera ophunzira a ku Britain sautchula. Chichewa chimasiyanitsa pala ndi phala, tenga ndi thenga, kula ndi khula. Malembo p, t ndi k a Chifalansa ndi opanda mpweya aja, a pala, tenga ndi kula. Mngerezi amatha zaka akulimbana n'kuti achotse mpweyawo mu Paris ndi thé, tiyi. Mmalawi amangofunika kuuzidwa kamodzi kuti anene "pa-ri", osati "pha-ri". Maphatikizo onga "pye" mu pied, phazi, ndi "lwa" mu loi, lamulo, nawonso sachititsa chibwibwi munthu wozolowera fya, pwa ndi mwa. Malembo ill kawirikawiri amveka "y", monga fille, mtsikana, ndi Marseille, kupatula ville, mille ndi tranquille. Choncho Brazzaville ndi Libreville zimathera ndi "l".

Zovuta zenizeni zilipo zitatu. Choyamba ndi u wolembedwa yekha, yemwe si "u" wa Chichewa: lilime limakhala pomwe limakhala ponena "i", milomo n'kusongoka ngati yoimba mluzu. Rue ndi msewu, roue ndi gudumu. Dessus ndi pamwamba, dessous ndi pansi. Chachiwiri ndi eu, wopangidwa mofananamo koma kuyambira pa "e", monga mu deux, ziwiri, ndi phatikizo loyamba la Peugeot. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, ndi l ndi r. M'Chichewa malembo awiriwa ndi liwu limodzi, ndipo kalembedwe kamangoika r pambuyo pa e ndi i. M'Chifalansa amasintha tanthauzo: lit ndi bedi, riz ndi mpunga, lire ndi kuwerenga, rire ndi kuseka, loi ndi lamulo, roi ndi mfumu. Ku Paris r amapangidwira kukhosi, koma ambiri oyankhula Chifalansa mu Africa amamugubuduza ndi nsonga ya lilime ndipo amamveka bwinobwino. Chofunika n'chakuti asafanane ndi l. Lembo la j, komanso g wotsatiridwa ndi e kapena i, limveka ngati "sh" wokhala ndi mawu a kukhosi, wopanda "d" yemwe amamveka kumayambiriro kwa j wa jekete.

Olemba ndi akonzi a nyuzipepala akafuna kudula mawu a Chifalansa kumapeto kwa mzere amatsata maphatikizo a papepala, osati a pakamwa: pois-son, sa-me-di. Sadula pambuyo pa kachizindikiro kodulira ka l'eau, sasiya lembo limodzi lokha pamzere, ndipo sadula pafupi ndi x kapena y wokhala pakati pa mavawelo awiri, monga mu taxi ndi voyage.

Mayina a mu Africa m'malembo a Chifalansa

Bungwe la maiko oyankhula Chifalansa lidawerengera mu 2022 kuti oyankhula chinenerochi padziko lonse ndi 321 miliyoni, ndipo oposa theka la omwe amachiyankhula tsiku ndi tsiku ali mu Africa. Mmalawi amachimva kwambiri kuchokera kwa anthu a ku DRC, Burundi ndi Rwanda, m'misika ya m'tauni ndi ku Dzaleka, kuposa kwa a ku Paris. Amachionanso m'mayina a malo ndi a anthu omwe si achifalansa konse, koma adalembedwa ndi malembo ake.

Mu Januwale 2022 timu ya Flames idasewera masewero ake a m'gulu ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, isanapite ku Yaoundé komwe pa 25 Januwale Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli chakutali chija polimbana ndi Morocco. Wodziwa kuti ou ndi "u", kuti ss ndi "s" mmodzi, ndiponso kuti é wa kumapeto amamveka, amawerenga "Ba-fu-sam" ndi "Ya-un-de" mosavuta. Ouagadougou, dzina looneka loopsa, ndi Wa-ga-du-gu basi. Popeza j ndi ch a Chifalansa ndi ofewa, maliwu a j ndi ch onga a Chichewa amalembedwa dj ndi tch: Djibouti, Tchad. Mwa osewera, Didier ndi "di-dye", Thierry Henry ndi "tye-ri ã-ri", ndipo Sadio Mané amathera ndi "ne" womveka.

Pa mayina ena vuto limagwera Afalansa. Chinenero chawo chilibe phatikizo loyamba ndi mb, nd kapena ng, choncho ambiri amaika vawelo kutsogolo, monga momwe Mchewa amaikira i mu sitolo. Kylian Mbappé, yemwe bambo ake adachokera ku Cameroon, amatchulidwa "Em-ba-pe" m'mabwalo a ku France, ndipo N'Golo Kanté amakhala "En-go-lo". Mwana wa ku Makawa kapena ku Malindi, wozolowera kunena mbuna, mbamu ndi Mponda, amatchula Mba-pe ndi maphatikizo awiri okha.